Wash si likasa

Pakati pa ife amene timapenta tiasilikali ta masewera a nkhondo ya patebulo pali kagulu kena komwe kamakhulupirira kuti ukapanda kuvutika ndiye kuti wabera. Ukawaonetsa kamsilikali komwe wamaliza usiku umodzi, sayamba aona kaye ngati kakuoneka bwino. Funso lawo loyamba limakhala lakuti wagwiritsa ntchito chiyani. Ukangotchula wash kapena Contrast, nkhope zawo zimasintha ngati za woyang'anira mayeso amene wapeza likasa m'sokosi. Ine ndikuti akuluakulu amenewa akulakwitsa, ndipo kulakwitsa kwawoko kukupha masewera omwe amati amawakonda.

Ena mwa inu simunaonepo zinthu zimenezi, choncho ndifotokoze mwachidule. Masewerawa kwawo n'kuno ku Ulaya komwe ndikuphunzira. Akuluakulu a asilikali a ku Prussia ankaphunzira kale nkhondo patebulo m'zaka za m'ma 1820, ndipo mu 1913 H. G. Wells anatulutsa buku lotchedwa Little Wars lofotokoza malamulo omenyanitsira zidole za asilikali. Koma amene anawasandutsa bizinesi yaikulu ndi a Games Workshop, kampani yomwe inayamba ku London mu 1975 ndipo pano likulu lake lili ku Nottingham. Anatulutsa Warhammer mu 1983, kenako Warhammer 40,000 mu 1987. Anthu awiri amafola magulu awo a nkhondo patebulo, amayeza mtunda ndi tepi, amaponya madayisi, wina n'kupambana. Kamsilikali kamodzi kamatalika masentimita 3 kapena kuposera pang'ono. Ukagula bokosi umapezamo zidutswa za pulasitiki yotuwa. Kudula n'kwako, kumata n'kwako, kupenta n'kwakonso. Ndipo pali magulu ena, monga a Orks ndi a Tyranids, amene kuti ufole okwanira masewera athunthu ungafunike tiasilikali toposa 100.

Tiyeni tione kaye chimene akuchitcha kuberacho.

Ntchito imayamba ndi primer, yomwe amisiri openta nyumba kwathu angaitche andakoti. Pulasitiki ndi yoterera, ndiye penti wa acrylic sagwira bwino: amathawa burashi n'kupanga timadontho, ndipo akauma amasendeka ukangomukanda ndi chikhadabo. Primer imamupatsa pogwira. Umapopera chitini chili patali masentimita 20 mpaka 30, pang'onopang'ono, osati kusambitsa, chifukwa ikachuluka imakwirira maso, malamba ndi mabatani onse amene wosema anavutikira. Mtundu wa primer ndi chisankho choyamba chofuna mutu. Yakuda imakhululuka, chifukwa malo amene burashi sinafike amangooneka ngati mthunzi. Yoyera imawalitsa penti wachikasu ndi wofiira, koma pena paliponse pamene wadumpha pamakhala pambalambanda. Ena amaphatikiza: amapopera yakuda paliponse, kenako yoyera kuchokera pamwamba pokha, ngati dzuwa lili paliwombo. Zikatero mapewa ndi mutu zimayera, kukhwapa kumatsala kwakuda, mthunzi n'kuoneka usanatsegule kabotolo ka penti n'kamodzi komwe.

Mthunziwo ndiye nkhani yonse. Munthu weniweni akaima padzuwa, makwinya a malaya ake amadzipangira okha mthunzi. Kamsilikali ka masentimita 3 n'kakang'ono kwambiri moti kuwala kwa m'chipinda sikungakapatse mthunzi wokwanira, ndipo ukakapaka mtundu umodzi wokha kamaoneka ngati chidole cha m'paketi ya maswiti. Wopenta ayenera kuika yekha mdima m'maenje ndi kuwala pamalo otukuka. Kunena mosapsatira, kupenta konse n'kupusitsa diso. Funso langokhala lakuti ulipusitsa bwanji.

Wash ndi penti wamadzimadzi amene anamupanga kuti azithamangira kumaenje. Madzi wamba ukawadontheza papulasitiki amakhala dontho lozungulira, safuna kuyenda. Mu wash amathiramo mankhwala ogwira ntchito ngati sopo amene amaphwanya dontholo, madziwo n'kuyenderera m'timing'alu, pakati pa zala, m'mphepete mwa lamba, atanyamula mtundu wawo. Akauma, maenje amada, malo otukuka amatsala owala. Zimene burashi yosongoka ikanajambula mzere ndi mzere kwa ola lathunthu, madzi amachita m'mphindi zochepa.

Glaze nayo ndi penti wosungunula kwambiri, koma khalidwe lake n'losiyana. Wash imapita komwe ikufuna, glaze imakhala pomwe waiika. Umaviika burashi, n'kuipukuta pa tishu mpaka itatsala yonyowa pang'ono chabe, kenako umaikoka kulowera komwe ukufuna mtundu uchuluke, chifukwa pamene burashi yanyamukira ndi pamene pamatsala mtundu wambiri. Ukapaka koyamba suona kanthu. Kachiwiri suonanso kanthu. Pofika kachisanu tsaya layamba kufiira, mpeni wayamba kuchita buluu kunsonga, mzere umene unalekanitsa mitundu iwiri wasungunuka. Apa ndiye pamene kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono taonani chodabwitsa. Wash ndi glaze ndi ana a mimba imodzi, penti woonekera mkati wopakidwa pamwamba pa wina. Koma akuluakulu athu aja glaze amaivulira chipewa, wash amailavulira. Kusiyana kwake n'kwakuti glaze imadya maola. Ndiye kuti chimene akulemekeza ndi maolawo, osati zimene diso likuona.

Mlandu umenewu ndi wakale, ndipo woimbidwa mlandu amangosinthasintha. Kale anthu ankagwiritsa ntchito inki. Ena, makamaka openta magulu a nkhondo za m'mbiri yakale, ankanyika kamsilikali konse m'chitini cha vanishi wa mipando n'kukakutumula, ndipo ankanyozedwa. Mu 2008 a Citadel, lomwe pa nthawiyo linali dzina la penti wa Games Workshop, anatulutsa mawash awo, ndipo ina yofiirira yotchedwa Devlan Mud inatchuka moti anthu ankaitcha luso la m'botolo, ena moyamikira, ena monyogodola. Mu 2012 mayina anasintha, kunabwera Agrax Earthshade ndi Nuln Oil, ndipo lero n'zovuta kupeza tebulo lopentera lopanda timabotolo tiwiri timeneti. Mu 2019 kunabwera Contrast, penti amene ukamupaka kamodzi pa primer yowala amapereka mtundu ndi mthunzi nthawi imodzi. Makampani ena anatsatira: Army Painter ndi Speedpaint, Vallejo ndi Xpress Color. Mu 2022 njira yotchedwa slapchop inafala pa intaneti: primer yakuda, kenako kukwecha pamwamba ndi burashi youma ya penti wotuwa, kubwerezanso ndi woyera, pomaliza kupaka penti woonekera mkati. Nthawi iliyonse panali wina wodandaula kuti luso latha. Mkulu amene lero akunyoza slapchop, tsegulani bokosi lake, mupezamo Nuln Oil wotha theka. Likasa la dzulo lasanduka silabasi ya lero.

Ndipo akanati aziyenda pang'ono akanachita manyazi. Ku National Gallery ku London, komwe polowa salipiritsa, kuli chithunzi cha banja la Arnolfini chomwe Jan van Eyck anajambula mu 1434. Diresi lobiriwira la mayi wa pachithunzipo limaoneka lakuya chonchija chifukwa cha penti wamafuta woonekera mkati wosanjikiza kangapo. Ku The Hague kuli chithunzi chotchuka cha Vermeer cha mtsikana wovala ndolo ya ngale, ndipo akatswiri atachiunika anapeza kuti kumbuyo kwakudako kunali glaze yobiriwira yopakidwa pamwamba pa penti wakuda. Kuyamba kujambula kuwala ndi mdima ndi mtundu umodzi, n'kudzaika mitundu pamwamba, ndi njira imene ojambula a ku Ulaya akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka mazanamazana. Slapchop ndi mdzukulu wa njira imeneyo, wangokhala ndi dzina loseketsa. Ndipo ngati kugula chinthu chokonzakonza kuli kubera, tiyambe ndi chubu cha penti, chomwe John Goffe Rand anatulukira mu 1841. Chisanabwere, penti ankaperedwa pamwala n'kumasungidwa m'zikhodzodzo za nkhumba. Sindinamvepo wina akunena kuti Monet anabera chifukwa sanaphe nkhumba.

Wina anganene kuti bwanji ukupsa mtima ndi nkhani ya zidole. Ndikupsa mtima chifukwa maganizo amenewa amasankha amene aziloledwa kukhala patebulo. Tiyeni tiwerengetse. Kupenta kamsilikali kamodzi m'njira imene akuluakuluwa amaivomereza, kuyambira mtundu woyamba, mthunzi, kusanjikiza, mpaka timizere towala m'mphepete mwa chida chilichonse, ine zimanditengera maola 4. Tiasilikali 100 ndi maola 400. Ukamapeza maola 8 pasabata, ndiye kuti masabata 50, pafupifupi chaka chathunthu usanaponye dayisi ndi gulu lomaliza. Ndi slapchop ndi wash, pa mphindi 40 kamodzi, gulu lomwelo limatha m'miyezi iwiri. Tsono ganizirani wophunzira wochokera kunja ngati ine. Visa imatilola kugwira ntchito maola 20 pasabata sukulu ili mkati, ndipo ambiri timawagwira onse, kaya kosamalira okalamba, kaya kumalo osungira katundu, chifukwa lendi sadikira. Onjezerani makalasi, ma assignment ndi dissertation. Munthu amene akutiuza kuti njira yoona ndi ya maola 400 akutiuza mwaulemu kuti masewerawa ndi a anthu amene ali ndi nthawi yotaya, ndipo nthawi yotaya ili ndi eni ake.

Kuwonjezera apo, malamulo a masewerawo amafuna kuti upente. Kuyambira mu 2020, pa malamulo a mpikisano a Warhammer 40,000, amene gulu lake lonse ndi lopenta amapatsidwa mapointi 10 pa 100. Eni masewerawo muyezo umenewu amautcha Battle Ready, ndipo njira ya Contrast amaiwerengera. Ndiye wobwera kumene ali pakati pa moto uwiri. Akabwera ndi pulasitiki yotuwa, ataya mapointi 10 masewera asanayambe. Akapenta mwachangu, pali mkulu pakona amene akumuyang'ana ngati wakuba.

Zotsatira zake timaziona tonse. Openta a kuno ali ndi dzina la mabokosi amene munthu anagula koma sanawakhudze, amati pile of shame. M'kalabu ya payunivesite yathu ndaona anthu akugula bokosi loyamba ali ndi chimwemwe chodzaza tsaya, n'kupenta tiwiri, wina n'kuwauza mawu amodzi ozizira, basi osadzaonekanso. Ena amatsala, koma amasewera ndi gulu lotuwa chaka ndi chaka, akuti akudikira tsiku limene adzadziwe kupenta bwino. Tsiku limenelo silibwera kwa munthu amene sagwira burashi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndisawapondereze, akuluakuluwa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zofunika kuziyankha bwinobwino.

Yoyamba amati wodalira wash saphunzira kanthu. Amene amanena zimenezi anaiwala tsiku lawo loyamba. Wash ili ndi mwambo wake. Ukapanda kugwedeza botolo imauma yonyezimira ngati waipaka mafuta. Ukaithira yambiri imadikha pamalo osalala n'kusiya chizere chakuda m'mbali ngati chimene kapu ya tiyi imasiya patebulo. Uyenera kuphunzira kuimwa ndi burashi youma isanaume, komanso kuisiya ikangoyamba kuuma, chifukwa ukaikhudzanso imang'ambika. Contrast imachita bwino pa ubweya, pa nsalu ndi pa khungu lamakwinya, koma pa phewa losalala la Space Marine kapena pa chitseko cha kasinja imasiya mathothomathotho. Kudziwa pamene uigwiritse ntchito ndi pamene uileke ndi luso kale. Slapchop nayo imaphunzitsa chinthu chimene ambiri timachedwa kuchimvetsa, chakuti kuwala ndi mdima n'zofunika kuposa mtundu. Munthu amene wakwecha tiasilikali 30 ndi burashi youma amayamba kuona yekha komwe kuwala kumagwera. Ndipo kuchoka pa wash kupita pa glaze ndi mtunda waufupi: kuwonjezera medium, kupukuta burashi, kuchepetsa changu. Ambiri amene lero amachita glaze mokongola analowera pakhomo la wash.

Yachiwiri amati magulu opentedwa chonchi amafanana onse. Apa pali choona. Slapchop yochitidwa mothamanga imaoneka ngati yothiridwa ufa, ndipo ukaona matebulo asanu a choncho diso limatopa. Koma tisanamizane, nawo magulu a Ultramarines abuluu okhala ndi timizere towala m'mphepete, okopedwa pabokosi mmene a 'Eavy Metal anapentera, amafanananso. Kukopera kwa maola 400 ndi kukoperabe. Chimene chimasiyanitsa gulu lako ndi la mnzako ndi zosankha zako: mitundu, dothi la pansi pa mapazi awo, dzimbiri pamfuti, chizindikiro paphewa. Zimenezi sizidalira kuti mthunzi unalowa bwanji m'khwapa.

Yachitatu amaloza Golden Demon, mpikisano wopenta umene unayamba mu 1987, komwe wopambana onse amalandira lupanga lenileni lotchedwa Slayer Sword. Amati taonani luso lenileni. Zoonadi, ndipo ine ndimagwada ndikaona ntchito zimenezo. Koma kumeneko munthu amathera miyezi pa kamsilikali kamodzi komwe sikadzakhudzidwa ndi dzanja lathukuta. Gulu la patebulo limanyamulidwa m'chikwama, limagwa, limagundidwa ndi madayisi, ndipo amaliona ali patali pafupifupi mita imodzi. Pa mtunda umenewo timizere tija sitioneka, chimene chimaoneka ndi mthunzi ndi mtundu. Vuto ndi foni. Kamsilikali ka masentimita 3 kakajambulidwa pafupi n'kudzaza sikirini yonse, wobwera kumene amayerekeza ntchito yake ya madzulo amodzi ndi ntchito ya miyezi itatu ya katswiri, n'kugwa mphwayi. Ndiponso ngakhale ku Golden Demon komweko, chimene chimalowa m'kabati yagalasi ndi kamsilikali. Mndandanda wa mabotolo umatsala kunyumba.

Kubera kulipo ndithu m'masewera athu, ndipo tisakusokoneze ndi zida. Kulipira munthu wina kuti akupentere n'kukapikisana nako ngati ntchito ya manja ako, limenelo ndi likasa. Kukonza chithunzi pakompyuta kuti ubise pomwe burashi inaterereka, limenelonso ndi likasa. Likasa ndi bodza lonena kuti uli ndi chinthu chimene ulibe. Wash sibisa kanthu. Kamsilikali kali patebulo, aliyense akhoza kukanyamula, kukatembenuza, kukaona mmene kalili. Ngati kakuoneka bwino, ndiye kuti kakuoneka bwino.

Ife ophunzira mtundu wa anthu umenewu timaudziwa. Ndi omwe aja amati iwo ankakopera notsi pamanja mpaka chala kutupa, choncho amene ali ndi PDF sanaphunzire. Anavutikadi, sindikukana. Koma munthu akavutika ulendo wautali, zimamuwawa kuona wina akufika pamalo omwewo pa njinga, ndipo m'malo movomereza kuti zikumuwawa amayamba kunena kuti njinga ndi tchimo. Kuvutika ndi mtengo umene unalipira. Kuti katunduyo ndi wabwino kapena ayi, timaona pa katunduyo.

Koma nanunso anzanga a changu ndili nanu mawu, chifukwa mbali inayi kuli dzenje lake. Malonda amafuna mukhulupirire kuti vuto lililonse lili ndi botolo lake. Nkhope sikuoneka bwino, gulani botolo. Golide sakuwala, gulani lina. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndipo ine ndaona anthu ali ndi mabotolo 60 ndi tiasilikali 6 topenta. Poyambira simufunika zambiri: chitini chimodzi cha primer, mitundu 8 kapena 10, wash yakuda ndi yofiirira, burashi imodzi yosongoka bwino, ndi burashi yakale ya zodzoladzola yokwechera. Glaze simugula, mumasungunula penti amene muli naye kale. Ngakhale wash mukhoza kupanga nokha ndi penti, madzi, medium ndi kadontho kakang'ono ka sopo wotsukira mbale. Ena amasungunula penti wamafuta wa m'chubu ndi white spirit, amapaka, kenako n'kupukuta pamwamba ndi kasiponji, ndipo chubu chimodzi chimakwanira magulu angapo, bola mawindo akhale otsegula. Botolo silipenta lokha. Pa mfundo imeneyi akuluakulu aja ndi ine tili mbali imodzi, kungoti iwo amaigwiritsa ntchito potseka chitseko.

Ndiye pempho langa kwa inu achikulire a burashi yosongoka ndi ili. Mwana akakubweretserani kamsilikali kake koyamba kosambira Agrax Earthshade kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mezani kaye malovu. Muonetseni pamene wash yadikha ndi mmene angaimwere ulendo wina. Mubwerekeni burashi, mumuonetse glaze imodzi patsaya. Luso lanulo ndi lenileni ndipo tikulifuna, koma lizikhala makwerero. Mukalisandutsa mpanda, mudzatsala anayi m'kalabu, mukuyamikirana timizere, matebulo ali opanda osewera.

Ndipo inu amene muli ndi bokosi pansi pa bedi lomwe lakhala chitsekere kuyambira chaka chatha, litulutseni Loweruka likubwerali. Poperani tiasilikali 10 primer yakuda, mukweche motuwa, mukwechenso moyera, mupake mitundu, muthire wash m'maenje. Toyambato sitidzakhala tokongola kwambiri, ndipo kakhumi kadzaposa koyamba moti mudzadabwa nokha. Mukatero mubwere nato patebulo, mutenge mapointi anu 10. Wina akakufunsani kuti mwagwiritsa ntchito chiyani, muuzeni zonse mosabisa, botolo ndi botolo, kenako mumupatse madayisi aponye.